Njuchi Zitamata Khutu la Makina

Chaka chimene ndinakakhala kwa amalume ku Dambe ndinali nditangoyamba kumene ntchito ku Blantyre, pa kaofesi ka anthu anayi pamwamba pa sitolo ya matayala. Tinkapanga pulogalamu ya pakompyuta yothandiza alimi a njuchi. Pa mng'oma uliwonse tinkaikapo tizipangizo titatu: kamaikolofoni m'kati komvera kulira kwa njuchi, kakamera pakhomo koonera zolowa ndi zotuluka, ndi sikelo pansi yoyeza kulemera kwa mng'omawo. Pulogalamu inkaphatikiza zitatuzi n'kutumiza uthenga pa foni ya mlimi, wonena kuti njuchi zili bwino, kapena uchi wakwana kufula, kapena zatsala pang'ono kusamuka, kapena zafa.

Pulogalamu yotere sumachita kuilembera malamulo. Umaionetsa zitsanzo zambirimbiri: mng'oma uwu unkalira chonchi, unkaoneka chonchi, unkalemera chonchi, ndipo zinatha motere. Imaona mpaka kuzolowera yokha. Yathuyi inaphunzirira pa ming'oma ya pa famu ina ku Thyolo, kumene kunali magetsi ndi antchito osamalira chilichonse. Kumeneko inkakhoza moti tonse anayi tinkayenda monyang'wa. Tsiku lina abwana anafunsa ngati pali amene ali ndi mbale woweta njuchi kumudzi, kuti tikaiyesere kumeneko. Dzanja langa linakwera ndisanaganize n'komwe.

Amalume ndi mlongo wawo wa amayi anga. Anali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo atapuma ntchito anakhoma ming'oma khumi ndi iwiri ya matabwa n'kuiika pa timathandala m'nkhalango ya masuku, kuseri kwa munda wawo wa kachewere. Ndi munthu woti akamanena nthabwala nkhope yake imakhala ngati akuwerenga chilengezo cha kutchalitchi. Akazi awo, amene ine ndimawatcha azakhali, ndiwo amaseka m'malo mwa onse awiri.

Ndinafika mu Juni pa njinga yamoto kuchokera pa boma, katoni ya mawaya ili pamiyendo, mano akugundana ndi chisanu. Masiku atatu tinakhala tikumangirira tizipangizoto ndi timasola tochajira mabatire, ine ndi sikuludiraiva, amalume ndi chofukizira utsi. Titamaliza mng'oma womaliza anaimirira n'kugwira m'chiuno.

"Ndiye kuti tinthuti tizindiuza za njuchi zanga."

"Eya, amalume."

"Njuchi zomwezi, zimene ndimadzuka nazo tsiku lililonse."

"Tizingokuthandizani basi."

"Chabwino. Nanenso ndizitithandiza."

Masabata awiri oyambirira ndinkayenda ngati sindikuponda pansi. M'mawa uliwonse foni ya amalume inkalira, iwo n'kuvala magalasi, n'kuwerenga mokweza kuti mng'oma wakuti uli bwino, wakuti uli bwino. Akapita kukaona ankapeza zilidi choncho. Azakhali anaipatsa pulogalamuyo dzina lakuti adokotala, ndipo ankafunsa akamathira tiyi kuti adokotala adzuka bwanji. Ine ndinkatumiza zithunzi ku ofesi kangapo pa tsiku, ndinkaimba nyimbo potsuka mbale, ndinayambanso kulonjera mbuzi.

Lachiwiri la sabata yachitatu, tikudya mbatata yophika pakhonde, foni inalira. Amalume anavala magalasi, anawerenga chamumtima, kenako anatsokomola.

"Akuti, pepani, njuchi za mng'oma wachinayi zafa."

Mawu akuti pepani ndinawalemba ndine ku Blantyre, poganiza kuti uthenga wotere uzifika mwaulemu. Tinanyamuka tonse atatu, azakhali akumanga chitenje m'njira. Tisanafike n'komwe tinayamba kumva kulira kwake. Pakhomo pa mng'oma wachinayi panali piringupiringu, njuchi zikulowa ndi mungu wachikasu m'miyendo, zina zikutuluka mothamanga ngati zachedwa ku msika. Amalume anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

"Tiyeni tikhale chete pang'ono," anatero, "tikumbukire anzathu amene atisiyawa."

Azakhali anagwira mtengo wa msuku kuti asagwe. Ine ndinayesa kudziletsa, poti ntchito inali yanga, koma phwete linandipulumuka, ndipo ndinakhala pansi pa masamba ouma n'kuseka mpaka m'mimba kupweteka.

Titafukiza utsi n'kutsegula, tinapeza kamaikolofoni sikakuonekanso. Njuchi zinali zitakamata konse ndi phula lakuda lonunkhira utomoni, lija zimatsekera ming'alu. Amalume anati njuchi zimatero ndi chilichonse chachilendo chimene zalephera kuchitulutsa, kaya ndi buluzi wofera m'kati. Nditaimba foni ku famu ya ku Thyolo anandiuza kuti kumeneko munthu amapala phulalo Lolemba lililonse. Sanatiuze chifukwa sitinafunse.

Sabata imeneyo tinakhala ndi maliro asanu. Kenako kunabwera chiperoni, nkhungu n'kukuta phiri lonse masiku anayi, makamera n'kumangoona zoyera. Adokotala analengeza kuti ming'oma itatu yasamuka. Makoswe anadula waya wa sikelo ya mng'oma wachisanu ndi chinayi, ndipo uthenga unabwera wakuti uchi wonse watha. Lamlungu titatuluka m'tchalitchi ndinamva amalume akuuza anzawo pansi pa mtengo, nkhope ili gwa, kuti kwawo kwagwa zovuta zambiri koma chotonthoza n'chakuti omwalirawo akugwirabe ntchito. Azakhali anawonjezera kuti obwera kudzapepesa asaiwale shuga.

Manyazi ndinali nawo, koma anali ochepa poyerekeza ndi chinthu china chimene chinkandinyerenyetsa m'thupi monse. Ndinali nditaliona vuto, ndipo linali lokongola.

Netiweki yamphamvu kwa amalume imapezeka pa mwala wina waukulu pamwamba pa munda, kunyumba kumangofika mauthenga okha. Ndinakwera pamenepo n'kuimbira mnzanga wa ku ofesi, mtsikana wa ku Karonga wolankhula mothamanga, amene tinalemba naye pulogalamuyo.

"Tamvera," ndinatero. "Kachipangizo kakapanda kutumiza kanthu, ife tinalemba kuti pakhale chiyani?"

"Ziro."

"Nanga mng'oma wa njuchi zakufa umalira bwanji?"

Anayamba kuseka, ine n'kuyambanso, mpaka amayi ena amene ankadutsa ndi nkhuni anaima n'kumandiyang'ana.

Nkhani yake inali yotere. Kwa pulogalamu yathu, kusamva kanthu ndi kumva kuti kuli zii zinali chinthu chimodzi. Pa zitsanzo zonse zimene inaphunzirapo panalibe ngakhale mng'oma umodzi wamoyo wopanda maikolofoni, ndiye khutu likatsekeka inkangoti kwagwa maliro. Titafufuza bwino tinapezanso china: popeza kulira kwa njuchi kunkanena zambiri mosavuta, pulogalamuyo inazolowera kudalira khutu lokha. Kamera ndi sikelo inkangozisuzumira.

Ndinawafotokozera amalume zimenezi madzulo ake tikukonza mafelemu a zisa. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndamva," anatero. "Mwana wanuyu ankaonera mayeso kwa mnzake mmodzi yemweyo. Tsiku limene mnzakeyo wajomba, iye walemba dzina lokha."

"N'zomwezo, amalume."

"Ana otere ndinali nawo ambiri. Umangowasintha malo okhala tsiku lililonse."

Zimene tinachita ndi mnzanga uja sizinasiyane kwenikweni ndi zimenezo. Poyamba tinapatsa pulogalamu njira yodziwira kuti kachipangizo kakuti lero palibe, osatinso kulembapo ziro. Kenako tinaiphunzitsanso kuyambira pachiyambi, koma tikuibisira dala. Pa chitsanzo china tinkachotsa phokoso, pa china chithunzi, pa china kulemera, pena ziwiri nthawi imodzi, mosatsata ndondomeko, kuti isadziwe chimene chisowe ndipo iphunzire kupeza yankho pa zotsalazo. Chomaliza, tinaiphunzitsa kunena ngati ili ndi chitsimikizo kapena ikungoganizira. Kompyuta yaikulu inali ku Blantyre, ndiye ine ntchito yanga inali kukwera mwala uja ndi laputopu, kutumiza zimene ming'oma ya amalume yajambula, n'kudikira. Ndinakwera mwala umenewo kambirimbiri moti mbuzi za kumeneko zinasiya kundithawa.

Pulogalamu yatsopano itafika, amalume anati mayeso apereka ndi iwo. M'mawa uliwonse ankapita okha ku nkhalango, ine atandiletsa kutuluka pakhonde. Kumeneko ankaveka kamera ina sokosi, ankazula waya wa sikelo ina, ankatseka maikolofoni ina, osandiuza kuti ndi pati. Kenako ankayendera ming'oma yonse ndi maso awo ndi makutu awo, n'kulemba m'kope zimene apeza. Masana tinkakhala pansi kuyerekeza kope lawo ndi mauthenga a adokotala. Azakhali ndiwo anali oweruza, akusenda nyemba m'lichero, ndipo chigamulo chawo chinalibe apilo.

Masiku amenewo ndimawakumbuka ngati tchuthi. Ndinkadzuka mtima ukugunda ngati ndili ndi mpira wofunika. Adokotala akakhoza mng'oma umene amalume anauveka sokosi, ndinkavina kuzungulira mtondo. Akalakwa, amalume ankalemba chizindikiro chofiira m'kope mosafulumira, ndi bolopeni imene anaisunga kuchokera ku sukulu. Anthu oyandikana nawo anayamba kubwera nthawi ya masana, ati kudzabwereka khasu, koma osachoka mpaka zotsatira zitatuluka. Sokosi za amalume zinatha m'nyumba, ndipo Lamlungu lina anapita kutchalitchi atavala yakuda ndi yobiriwira.

Tsiku lina azakhali anazemba m'mamawa osauza aliyense. Pa mng'oma wachiwiri anakulunga kamera ndi kansalu, anazula waya wa sikelo, anazulanso wa maikolofoni. Masana amalume anavala magalasi n'kuwerenga uthenga.

"Mng'oma wachiwiri. Sindikuona, sindikumva, kulemera kwakenso sindikukudziwa. Sindinganene kanthu. Chonde pitani mukaone nokha."

Azakhali anaika lichero pansi n'kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Zaka zonsezi ndakhala ndi mphunzitsi m'nyumba muno," anatero, "mawu akuti sindikudziwa ndawamva lero, kwa foni."

Amalume anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo, kenako anapereka chongi chachikulu m'kope.

Koma panali malo amene adokotala ankapunthwabe, ndipo amene anazindikira chifukwa chake ndi amalume. Anandifunsa kuti kodi kompyuta ija ikamabisa zinthu imasankha bwanji. Ndinati imangotola mwachisawawa, ngati maere.

"Kuno sizisowa mwa maere," anatero. "Nkhungu ikabwera imatseka kamera, imatsekanso dzuwa. Batire ikafooka sikelo nayo imagona. Zimapita ziwiri pamodzi. Ndipo waona ming'oma imene imamata khutu lako msanga? Wachinayi, wachisanu ndi chiwiri, woyamba. Yonseyo ndi yamphamvu. Njuchi zaulesi sizimata."

Ndinasiya tiyi pakati n'kuthamangira ku mwala, patapata mmodzi n'kutsalira m'munda. Ndinkapuma mwawefuwefu moti mnzanga uja anaganiza kuti ndalumidwa ndi njoka. Ndinamuuza kuti kusowa kwa chinthu nakonso kumanena kanthu, kuti khutu lomatidwa ndi chizindikiro cha njuchi zathanzi. Iye anasangalala kundiposa, nafuna kuti tiiphunzitse pulogalamu kuti maikolofoni ikangozima ndiye kuti zonse zili bwino. Tinatsala pang'ono kutero. Kenako tinakumbukira makoswe, amene amadula waya osafunsa ngati njuchi zili zathanzi kapena ayi. Tinabwerera ku zojambula zija n'kupeza kusiyana kwake: khutu lomatidwa limagontha pang'onopang'ono kwa masiku angapo, pamene waya wodulidwa umazima kamodzi. Tinaiphunzitsa kusiyanitsa ziwirizi, ndipo pobisa zinthu tinayamba kutsanzira mmene zimasowera ku Dambe, kamera ndi sikelo pamodzi pa masiku a nkhungu.

Kenako inafika Seputembala, mitengo n'kuphuka masamba ofiira, maluwa ali ponseponse. Maikolofoni ya mng'oma wachisanu ndi chiwiri inali yomatidwa kuyambira mwezi wathawo, ndipo tinaisiya dala choncho. Amalume anali atapita ku chinkhoswe ku Magaleta masiku atatu. Tsiku limene anabwerako, asanavule n'komwe jekete, foni inalira.

"Mng'oma wachisanu ndi chiwiri. Sindikumva, koma pakhomo padzaza kwambiri ndipo kulemera kwaima. Mwina zisamuka posachedwa. Chitsimikizo chonse ndilibe."

Njuchi zikachulukana m'mng'oma, gulu lalikulu limanyamuka ndi mfumukazi yake kukafuna malo ena, ndipo mlimi akapanda kukonzeka amangoziona zikulowera kuphiri. Ku Thyolo pulogalamu yathu inkadziwa zimenezi ndi khutu basi. Aka kanali koyamba kuti inene popanda kumva.

Amalume anapita ku nkhalango ndi jekete la ku chinkhoswe lomwelo. Anayang'ana njuchi zimene zinaunjikana pakhomo ngati ndevu, anagwada n'kugunditsa khutu pa thabwa la m'mbali, nakhala choncho kanthawi. Atadzuka anangopita ku nkhokwe kukatenga mng'oma wopanda kanthu, n'kuyamba kuupaka phula m'kati.

Tinadikira tsiku loyamba, osachitika kanthu. Lachiwiri chimodzimodzi, ndipo bolopeni yofiira ija inayamba kuonekera m'thumba la malaya awo. Tsiku lachitatu, dzuwa litakwera pang'ono, ndili kuchapa kuseri kwa nyumba, ndinamva mkokomo ngati lole ikukwera chitunda chakutali. Nditatukula mutu ndinaona mtambo wakuda ukuzungulira pamwamba pa masuku.

Sindikumbuka kuti ndinafika bwanji ku munda. Ndikukumbuka thovu la sopo m'manja, amalume akuthamanga ndi mng'oma pamutu ngati mnyamata, ndi azakhali pambuyo akumenya chivundikiro cha poto ndi supuni, poti kwawo ankati phokoso limatsitsa njuchi. Kaya ndi chivundikirocho kaya zinangotopa zokha, zinatera pa nthambi ya pichesi m'mphepete mwa munda, n'kulendewera pamenepo chimulu chachikulu ngati thumba la ufa.

Amalume anandiuza kuti ndigwire mng'oma pansi pa nthambiyo. Ndinavala chipewa cha neti mothamanga, osamanga chingwe cha pakhosi. Iwo anagwira nthambi, anawerenga mpaka katatu, n'kuigwedeza kamodzi mwamphamvu. Chimulu chonse chinagwera m'bokosi kuti khu, manja anga n'kutsika ndi kulemera kwake. Ndinkaseka, ndikunena mobwerezabwereza kuti inanena, inanena, amalume, inanena. Nthawi yomweyo njuchi imodzi imene inalowa mu neti inandiluma pa chikope cha kumanzere.

Pofika masana diso linali litatupa n'kutsekeka. Ndinakhala pakhonde ndi kansalu konyowa, ndikumwetulirabe ngati wopenga. Azakhali anabwera ndi tiyi, anandiyang'anitsitsa, n'kupukusa mutu.

"Kamera imodzi yazima," anatero. "Tiuze, mwanawe, chitsimikizo uli nacho kuti ndine ndani?"

Tiyi ananditayikira pa siketi.

Ndinakwerabe mwala tsiku lomwelo, ndi diso limodzi, kukamuuza mnzanga. Sindinathe kufotokoza bwinobwino chifukwa mawu ankangothamangitsana, ndipo iye anaitana abwana ndi mnzathu wachinayi kuti amve nawo. Onse ankalankhula nthawi imodzi. Abwana anafunsa kawiri ngati maikolofoni inalidi yomatidwa, ndipo kawiri konse ndinalumbira.

Madzulo amalume anandiuza kuti akanakhala pakhomo masiku atatu a chinkhoswe aja akanadziwa okha, osadikira foni. Zinali zoona, ndipo ndinavomera. Anati komabe sanali pakhomo, ndipo anatsegula kope n'kulemba chongi pa mng'oma wachisanu ndi chiwiri. Si kuti adokotala anasiyiratu kulakwa. Mng'oma wakhumi ndi chimodzi ankaunamizira kuti ukusamuka pafupifupi sabata iliyonse mpaka tsiku limene ndinachoka, ndipo chifukwa chake sitinachipeze.

Njuchi za pa pichesi zija zinakhazikika m'nyumba yawo yatsopano. Ndinali nditatsala ndi tizipangizo tina m'katoni, ndipo ndinapempha kuti ndimangirire pa mng'oma umenewo. Amalume anakana.

"Awa asiye," anatero. "Pakhale banja limodzi lokhala popanda atolankhani."

Ndinabwerera ku Blantyre mu Okutobala, diso litaphwa, khungu litada ndi dzuwa la pa mwala. Chakumapeto kwa chaka amalume anafula uchi, ndipo anatitumizira botolo la malita awiri kudzera kwa mayi wina wogulitsa kachewere ku Lunzu. Tinalidya pa ofesi ndi buledi, anthu anayi, ndipo silinathe sabata.